KUPHUNZIRA PA YUNIVESITE ULI PA NTCHITO: NTHAWI ICHOKERA KUTI?

Masiku ano mu mpingo uliwonse wa m'tauni, ngakhalenso m'mipingo yambiri ya kumudzi, simulephera kupeza Mkhristu amene ali pa ntchito koma alinso mwana wa sukulu pa yunivesite. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena apolisi, ena alembi a m'maofesi. Kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu ali pa ntchito, ndipo Loweruka m'mamawa muwaona akudikira minibasi, chikwama cha mabuku chiri kumsana monga ana awo omwe. Chimenechi n'chinthu chokondweretsa, ndipo m'nkhani ino sindifuna kugwetsa ulesi munthu aliyense.

Koma pali funso limodzi limene ambiri salifunsa polemba kalata yopempha malo. Amafunsa za fizi, za zaka, ndi za dzina la digiri. Funso la nthawi amalidumpha, ngati kuti maola owerengera adzagwa okha kuchokera kumwamba monga mana m'chipululu. Munthu wa pa ntchito alibe ora limene liribe mwini wake. Ora lirilonse limene adzalipereka ku mabuku adzalichotsa kwa wina: kwa womulemba ntchito, kwa mkazi kapena mwamuna wake, kwa ana, kwa mpingo, kapena kwa thupi lake lomwe limene lifuna tulo. Tsono nkhani yagona pa kachotsedwe kake. Kodi apempha, kapena angotenga?

Tisanafike pamenepo tiyeni tikumbuke kumene tachokera, pakuti achinyamata ayesa kuti zinthu zinali chonchi chikhalire. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha, ndipo inali yunivesite yokhayo ya boma kufikira pamene ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Khomo linali lopapatiza ndithu. M'chaka chomwecho cha 1965 boma linakhazikitsanso Malawi Correspondence College, imene inasintha dzina mu 1987 n'kukhala Malawi College of Distance Education. Maphunziro ake ankabwera pa positi, ena ankamveka pa wailesi, ndipo aphunzitsi ambiri a ku pulayimale anapeza masatifiketi a ku sekondale mwa njira imeneyi, akuwerenga pa koloboyi atatha kuchonga makope a ana. Amene ankafuna digiri osasiya ntchito ankalembera kunja kwa dziko: ku University of London, imene kuyambira 1858 inalola anthu kulemba mayeso ake ali kwawo, kapena ku UNISA ya ku Pretoria, imene poyamba inkangolembetsa mayeso koma kuyambira 1946 inayamba kuphunzitsanso kudzera m'makalata.

Lero makomo achuluka. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu, ndipo pambali pa zitatuzo pali Mzuzu, LUANAR ndi MUST. Masinodi athu nawonso sanagone: Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake mu 2003, ya Nkhoma mu 2013, ndipo ya Blantyre irinso ndi yake. Ambiri a masukulu amenewa ali ndi njira zolandirira anthu a pa ntchito. Pali makalasi a madzulo, pali a Loweruka, pali a pa tchuthi pamene aphunzitsi asonkhana kwa masabata angapo, ndiponso pali maphunziro otchedwa ODL, amene munthu awerenga ali kwawo n'kumapita ku sukulu mwa apo ndi apo. Chimene agogo athu ankachilota ife tachiona. Koma walira mvula walira matope.

MASAMU A NTHAWI

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, choncho mundilole ndichite masamu a pa bolodi. Ku UNISA phunziro limodzi la makirediti 12 amaliwerengera maola 120, kuphatikiza kuwerenga, kulemba ntchito zopatsidwa ndi kukonzekera mayeso. Digiri ya makirediti 360 iri ndi maphunziro otere 30. Ndiye kuti digiri imeneyo ifuna maola 3,600. Munthu amene awerenga maola 2 tsiku lirilonse, masiku 6 pa sabata, apeza maola 12 pa sabata, ndipo adzatsiriza patapita masabata 300. Zimenezo ndi zaka pafupifupi 6, ndipo mwa zaka zonsezo asadwale, asapite ku maliro, asalephere phunziro ngakhale limodzi. N'chifukwa chake UNISA imapatsa munthu zaka 8 kuti atsirize digiri yotere. Open University ya ku Britain, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1971, imauza anthu a pa ntchito kuti apatule maola 16 kufikira 18 pa sabata kwa zaka 6. Digiri zambiri za kwathu kuno ndi za zaka 4 kwa wophunzira wosagwira ntchito, tsono katundu wake sangapepuke kuposa pamenepa, kupatula kwa iye amene alowa ali ndi dipuloma n'kuyambira pakati.

Tsopano tiyang'ane mbali inayo. Sabata iri ndi maola 168. Chotsanipo 49 a tulo. Chotsaniponso, tingoyerekeza, 50 a ntchito pamodzi ndi ulendo wopita ndi wobwerera. Chotsaninso a kuphika, kudya, kuchapa ndi kupita ku msika, ndiponso tsiku la Sabata. Mudzaona kuti atsala maola 30 ndi mphambu zochepa. Poyang'ana msanga munthu ati, "Ameneŵa ndi okwanira." Koma m'maola omwewo ndimo muli kuzonda odwala, mapemphero a pakati pa sabata, kwaya, dimba, mwana amene afuna kuthandizidwa masamu, ndi mlendo amene wafika osanena. Kwathu kuno mlendo sauzidwa kuti abwere mawa chifukwa tiri ndi mayeso. Maola 16 a mabuku adzadya theka la zonsezi, ndipo wina wake adzamva kupweteka.

ANTHU AWIRI OTCHUKA

Pamene tilimbikitsa achinyamata timakonda kutchula David Livingstone, ndipo n'koyenera. Iye anabadwa mu 1813 ku Blantyre ya ku Scotland, kumene mzinda wathu unatengako dzina. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale yopota thonje. Ankayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, ndipo akatero ankalowa sukulu ya usiku kwa maola ena awiri. Atakula ankaika buku pa makina opotera n'kumaba mzere umodzi-umodzi pamene ali kudutsa. Mu 1836 analowa Anderson's College ku Glasgow kukaphunzira za mankhwala, ndipo ankabwerera ku fakitale miyezi ina ya chaka kukapeza ndalama za fizi. Anatsiriza udokotala mu 1840.

Mbiri imeneyi n'njokoma, koma tiiwerenge yonse. Choyamba, Livingstone panthawiyo analibe mkazi kapena mwana. Chachiwiri, anali ndi amayi ake amene ankamulanda mabuku usiku ukakula kuti agone. Kunali wina womuyang'anira. Chachitatu, pamene iye ankaponya diso pa buku, makina sankaima ndipo thonje linkapotedwabe. Mphunzitsi amene asiya ana 90 a Sitandade 2 akuimba okha pansi pa mtengo, iye ali mu ofesi kulemba ntchito ya ku yunivesite, asadzitche Livingstone. Ana si thonje.

Wachiwiri ndi Nelson Mandela, ndipo mbiri yake iphunzitsa mbali zonse ziwiri. Ali mlembi mu ofesi ya maloya ku Johannesburg, akugona m'kachipinda ku Alexandra ndi kuwerenga pa kandulo, anakhoza mayeso a digiri ya BA kudzera ku UNISA kumapeto kwa 1942. Mu 1943 analowa yunivesite ya Witwatersrand kuti aphunzire malamulo alinso pa ntchito. Koma tsopano zinthu zinasintha. Mu 1944 anakwatira, ana anayamba kubadwa, ndipo m'chaka chomwecho iye ndi anzake anayambitsa bungwe la achinyamata la ANC. Ntchito, banja, ndale ndi mabuku zonse zinafuna munthu mmodzi yemweyo. Analephera mayeso a chaka chomaliza kangapo, nachoka pa yunivesiteyo wopanda digiri. Uloya anaupeza mwa mayeso ena, koma digiri ya malamulo ija anailandira mu 1989 kuchokera ku UNISA, ali m'ndende, patapita zaka 46 chiyambire. Palibe anganene kuti Mandela anali waulesi kapena wopanda nzeru. Maola ndiwo anaperewera. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali ndi anayi.

ENI AKE A MAOLAWO

Mwini woyamba ndi wokulembani ntchito. Iye anagula maola anu ndipo amalipira mwezi ndi mwezi. Kuwerenga nthawi ya ntchito mobisa, kusindikiza mapepala a ku sukulu pa makina a ofesi, kunamizira matenda Lachisanu kuti mukwere basi ya ku Zomba kapena ku Mzuzu, zonsezi timazipatsa maina ofewa, koma lamulo lachisanu ndi chitatu liri nalo dzina lake. Njira yoongoka ndi kupita kwa abwana musanalembetse n'komwe, kuwaonetsa ndondomeko ya maphunziro, ndi kupempha chilolezo cholembedwa. Mufunse ngati pali tchuthi cha maphunziro, ngati masiku a mayeso adzachotsedwa pa tchuthi chanu cha pa chaka, ndiponso ngati padzakhala pangano lakuti mukatsiriza mudzagwirebe ntchito pamalopo zaka zingapo. Mukasaina pangano lotere mulisunge. Pa sukulu ya pulayimale mphunzitsi wamkulu angathe kukonza kuti wina agwire kalasi yanu masiku a mayeso, koma pokhapokha atadziwa nthawi ikadalipo. Ndipo mnzanu amene wakugwirirani kalasi mudzamugwirirenso yake, chifukwa nayenso wapereka maola ake ku digiri yanu.

Mwini wachiwiri ndi banja, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene misozi yambiri imagwera. Milandu ina ya m'banja imene imafika kwa ankhoswe ndi kwa akulu a mpingo siyamba ndi chigololo kapena kuledzera. Imayamba ndi bambo amene afika kunyumba, adya nsima mwakachetechete, natseka chitseko cha kuchipinda kufikira pakati pa usiku, chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu. Mayi alera ana yekha ngati wamasiye mwamuna ali moyo. Ana aphunzira kuyenda monyang'ama m'nyumba ya atate awo. Ndipo tsiku lovala mkanjo bamboyo aima pa chithunzi ngati kuti anasenza denga yekha.

Pamene wophunzirayo ndi mayi, katundu amalemera kawiri. Iye aweruka ku ntchito, asonkha moto, aphika, asambitsa ana, atsuka mbale, ndipo buku alitsegula ena onse atagona. Abambo anzanga, ngati munavomera kuti mayi a kunyumba apite ku sukulu, munavomeranso kugwira mthiko masiku ena ndi kupita ndi mwana ku sikelo. Kuvomera ndi pakamwa pokha, kenaka n'kumadandaula kuti ndiwo zachedwa, kapena kumufunsa mafunso ansanje nthawi iriyonse akachokera ku gulu lowerengera limodzi, n'kumupatsa ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Komanso inu ophunzira, amuna ndi akazi, musapereke mpata wa kukayikirana. Mnzanu wa m'banja adziwe kumene mugona pa masabata a ku sukulu ndi anthu amene muwerenga nawo. Magulu owerengera akumane masana ndi poyera, ndipo n'kwabwino koposa akamakumana m'nyumba mwanu momwe.

Chofunika n'chakuti banja likhale pansi lisanapite kalata. Mwamuna ndi mkazi agwirizane maola: kapena 4 koloko m'mawa kufikira 6 koloko, pamene nyumba iri zii ndipo mutu uli wopepuka, kapena usiku ana atagona. Agwirizanenso maola amene buku silidzawakhudza, monga nthawi ya chakudya cha madzulo ndi ya mapemphero a pa banja. Ana okulirapo auzidwe chifukwa chake ndi chaka chimene zidzathe. Mwana amene awerenga pa tebulo limodzi ndi atate kapena amayi ake, aliyense ndi buku lake, amatengapo kanthu kamene ife aphunzitsi sitingathe kumupatsa m'kalasi. Ngati mwamuna ndi mkazi onse afuna kuphunzira, uphungu wanga ndi wakuti asinthane, wina ayambe wina adikire, ndipo amene wayambayo asadzaiwale lonjezo akadzalandira pepala lake.

ZA TSIKU LA SABATA

Pali chinthu chimene ife a Presbyterian tiri kuchiyang'ana mwakachetechete. Maphunziro ena a kumapeto kwa sabata amatenga Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Mkhristu alembetsa, ndipo kwa zaka zitatu kapena zinayi mpando wake m'tchalitchi uli wopanda munthu. Mgonero umupita, ana ake abwera okha ku Sande Sukulu, ndipo pamene atsiriza digiri chizolowezi chopembedza chatha kale. Sindinena kuti munthu wotere aimitsidwe. Koma sindivomeranso kuti ndi nkhani yaing'ono, pakuti tsikulo liri ndi Mwini wake amene analipatula m'lamulo lachinayi.

Munthu afunse za masiku a makalasi asanalipire ndalama iriyonse. Ngati phunziro lomwelo lipezeka madzulo, pa tchuthi kapena mwa ODL, asankhe kumeneko ngakhale kutatenga chaka china chowonjezera. Ngati palibiretu njira ina, apite kwa abusa ndi kwa mkulu wa mpingo wa dera lake akafotokoze, kuti mpingo udziwe kumene nkhosa yake iri ndi kuti amuthandize kupeza mapemphero a m'mamawa kapena a madzulo kumene ali kuphunzirako. Akhristu a m'kalasi imodzi angathenso kupempha pamodzi kuti makalasi a Lamulungu ayambe mapemphero atatha. Munthu mmodzi amanyozeka, koma anthu khumi amamvedwa. Mayunivesite a masinodi athu ayenera kutsogolera pa chimenechi.

Chimodzimodzinso ndi maudindo. Mkulu wa mpingo, mtumiki, mlembi wa bungwe la amayi kapena wotsogolera kwaya amene wayamba sukulu anene poyera kuti kwa nthawi yakuti sadzatha kusenza zonse, ndipo apemphe womuthandiza. N'kwabwino kutula udindo mwaulemu kusiyana ndi kuugwirira dzina lokha, odwala a m'dera lanu osayenderedwa. Paulo mtumwi ankasoka mahema ku Korinto pamene ankalalikira, koma sanabise za ntchito yakeyo. Mipingo inkadziwa m'mene ankakhalira.

NDALAMA NDI PEPALA

Ambuye Yesu anaphiphiritsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kusekedwa atalekera pa maziko. Fizi ndi maziko chabe. Pamwamba pake pali ulendo, malo ogona, chakudya cha kumeneko, kusindikiza mapepala, laputopu kapena foni yabwino, ndi ndalama za intaneti mwezi uliwonse. Muwerengere zaka zonse, osati teremu yoyamba yokha, ndipo mukumbuke kuti fizi imakwera. Ambiri amene asiyira panjira sanalephere mayeso. Ndalama ndizo zinatha m'chaka chachiwiri. Ngongole yodulidwa ku malipiro muiyese ndi funso iri: ikadulidwa, kodi chotsalacho chigula chimanga, sopo ndi kulipira fizi ya ana? Za katapila sindinenapo zambiri, chifukwa nonse mudziwa kumene amathera. Ndipo ngati kuphunzira kwa kholo kuchititsa kuti mwana wa Fomu 3 abwezedwe ku sukulu chifukwa cha fizi, kholo lidikire. Nthawi ya mwana siibwerera, pamene yunivesite idzakhalapobe chaka chamawa.

Musayembekezenso kuti digiri idzakweza malipiro mwezi wotsatira. Pa ntchito zambiri munthu amadikira kuti malo apezeke, napikisana ndi anzake, ndipo zaka zingathe kupitapo. N'chifukwa chake n'kwanzeru kusankha phunziro logwirizana ndi ntchito imene muli kugwira kale. Namwino wophunzira za unamwino, kapena mphunzitsi wophunzira za uphunzitsi, zimene wawerenga usiku amazigwiritsa ntchito m'mawa mwake, ndipo zimene waona pa ntchito zimamuthandiza pa mayeso. Pamenepa wophunzira wa pa ntchito aposa mnyamata wochokera ku Fomu 4, ndipo aphunzitsi a pa yunivesite amadziwa zimenezi.

Chenjeraninso ndi masukulu ongomera ngati bowa. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education mwa lamulo la 2011, ndipo ntchito yake ndi kulembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo. Musanalipire, fufuzani ku bungweli ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati phunziro lenilenilo limene mufuna ndi lovomerezeka, pakuti sukulu ingathe kuloledwa pa maphunziro ena koma osati pa onse. Chikwangwani chokongola ndi lonjezo la digiri ya msangamsanga ndi chikomekome cha nkhuyu.

Yesero lomaliza limafika usiku umene ntchito yolemba ifunika mawa lake ndipo munthu watopa. Pali anthu amene amalemba ntchito za ena ndi kulipiritsa, ndipo tsopano palinso mapulogalamu a pa kompyuta amene amalemba nkhani yonse m'kamphindi. Kufunsa chida chotere kuti chikufotokozereni chimene simunamve n'kofanana ndi kufunsa mnzanu wodziwa. Koma kupereka zimene simunalembe, dzina lanu liri pamwamba, ndi umboni wonama. Yunivesite ikagwira munthu wotere imamulanga, ndipo ikapanda kumugwira amamugwira ndi odwala kapena ana a sukulu amene adzagwa m'manja mwake. Ngati nthawi yaperewera, pitani kwa mphunzitsi wanu mukapemphe masiku ena, kapena chepetsani maphunziro a teremu imeneyo. Kutsiriza mochedwa ndi chaka chimodzi si manyazi.

Mipingo nayo ingathe kuchitapo kanthu kosafuna ndalama zambiri. M'malo ambiri nyumba ya tchalitchi ndiyo yokhayo iri ndi magetsi kapena sola, matebulo ndi bata. Chipinda cha akulu a mpingo chimakhala chotseka kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu. Bwalo la akulu a mpingo likagwirizana, chingathe kutsegulidwa madzulo atatu pa sabata kwa onse owerenga, a ku yunivesite pamodzi ndi ana okonzekera mayeso a MSCE, mkulu mmodzi kapena mphunzitsi wopuma ntchito akusunga kiyi ndi kutseka 9 koloko.